Tsokonombwe Wanga wa pa Msewu wa Mwanza

Mwana wa ku Mwanza amayamba kudziwa magalimoto asanadziwe kulemba dzina lake. Msewu wa M6 wochokera pa Zalewa umadutsa pakati pathu n'kukathera pachipata cholowera ku Mozambique, ndipo katundu wambiri wochokera ku Durban, ku Johannesburg, ku Harare ndi ku Tete amayamba waima kwathu kuno asanakafike ku Blantyre. Tili ana tinkakhala m'mbali mwa msewuwu ndi madengu a manachesi, maso ali pa mathiraki, kuwerenga matayala mpaka kusokonezeka. Zikamadutsa zithiraki zonyamula magalimoto pamsana tinkaimirira tonse, aliyense n'kuloza yake. Palibe ankaloza yaing'ono.

Nditakula ndinapeza ntchito pakampani ina yothandiza anthu kuombola katundu pachipata pomwepo, ndipo kwa zaka 9 manja angawa akhala akulemba mapepala a ma Hilux, ma Fortuner, ma Ranger ndi ma Prado a anthu ena. Ndimadziwa kukula kwa injini zake, chaka chimene anapangidwa, ngakhale msonkho umene eni ake amalipira. Maso akazolowera zoterezi, mtima umayamba kukhulupirira kuti galimoto yeniyeni ndi imene munthu amachita kukwera ngati akukwera pankhokwe. Tigalimoto tating'ono tija, ti Mira ndi ti Alto, ndinkationa tikudutsa koma sindinkatiwerengera n'komwe.

Chonsecho ine mwini wake ndinali woyenda wapansi. Ndimakhala kumudzi ndi amayi, makilomita 16 kuchokera pa Boma, mbali yopita ku Zalewa. M'mawa uliwonse ndinkaima pamsewu kudikira Sienta kapena minibasi. Sienta anaipanga kuti izinyamula anthu 7, koma amene anakwerapo akudziwa mmene timakhaliramo: wina pamwendo pa mnzake, thumba la chimanga pamapazi, nkhuku ikupumira m'khosi mwako. Ikachedwa ndinkakwera njinga yamoto ya kabaza, mtengo wake wokwererapo, mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse thiraki ikatipitirira. Madzulo ndiye kunali kovuta zedi, chifukwa ntchito ya pachipata siyendera wotchi. Thiraki ya kasitomala ikafika mochedwa, nawe uweruka mochedwa, ndipo mdima ukagwa okwezawo amatchula mtengo umene akufuna.

Tsiku lina mu Januwale 2023 mvula inandipeza pakabaza tili pakati panjira, popanda ngakhale khonde loti n'kuusapo. Ndinafika kuntchito madzi akuchucha, mapepala a kasitomala amene ndinapita nawo kunyumba kuti ndikamalize usiku atamatirirana ngati chikondamoyo. Ndinawalembanso onse. Usiku wa tsikulo ndinauza amayi kuti ndikufuna kugula galimoto. Sanandiseke, sanandiletse. Anangoti, "Mitengo ya manachesi ija anasiya bambo ako ilipo. Chaka chino ndalama yake usaikhudze."

Ndinayamba kusunga. Ya manachesi ndinaiika padera, ku SACCO ndinawonjezera zimene ndinkaponya mwezi ndi mwezi, kubanki mkhonde ya amayi a kumpingo nakonso ndinalowa. Loweruka lililonse ndinkapita kukaphunzira kuyendetsa, mpaka laisensi inatuluka. M'mutu mwanga munali galimoto yooneka bwino, yoti ikaima pakhomo anthu adziwe kuti mwana wa pano wagwira ntchito. Kenaka mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chigwetsereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Masiku omwewo bungwe la MERA linalengeza kuti petulo wafika pa K2,530 pa lita. Ndalama yanga inali yomweyo m'buku, koma galimoto imene ikanagula inali itachepa. Ndinalira, sindibisa.

Alamu anga, amene anayendetsapo mathiraki mpaka ku Beira, ankandilimbikitsa kuti ndikongole yowonjezera ndigule chinthu cholimba. "Alamu, misewu yathu ino siifuna zidole," ankatero. Mawuwo ankandikomera chifukwa ankagwirizana ndi zimene maso anga anazolowera. Koma ndikakhala pansi ndi cholembera, ngongoleyo pamodzi ndi mafuta zinkameza malipiro onse.

Mu Juni 2024, manachesi ali pakolopakolo, ndinanyamuka kupita ku Blantyre ndi makaniko wina wa pa Boma, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene amakonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ndinawalipirira ulendo ndi chakudya, ndipo pa ndalama zonse zimene ndawononga pankhani ya galimotoyi, imeneyo ndi imene ndimainyadira koposa.

Pamalo ena ogulitsira magalimoto tinapeza ina yofiira, yowala ngati yangotuluka m'fakitale, matayala opakidwa mafuta, m'kati mukununkhira. Mtengo wake unali pafupi ndi ndalama yanga. Mnyamata wogulitsayo anali ataliza kale injini tisanafike, ndipo ine ndinali nditagwa nayo m'chikondi. Bambo aja anagwira boneti ndi kuseri kwa dzanja, n'kumuuza mnyamatayo kuti azimitse, tibweranso ikazizira. Titabwerako patatha maola awiri, inalira movutikira, kumbuyo kukutuluka utsi wotuwira kubuluu. Anatsegula pothirira oyilo n'kundionetsa kunsi kwa chitsekerero: kunali phala loyera ngati chambiko.

"Achemwali, mukuona izi? Madzi akusakanikirana ndi oyilo. Iyi mukafika nayo pa Lunzu, koma pa Zalewa sindikulonjezani."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri kuposa zaka zonse zimene ndakhala ndikulemba mapepala a magalimoto. Anandiphunzitsa kuti injini imanena zoona ikakhala yozizira, n'chifukwa chake wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Anagona chagada pakatoni n'kulowetsa mutu kunsi kwa galimoto iliyonse imene tinaona, kufunafuna dzimbiri, chifukwa kumpoto kwa Japan kumagwa chipale ndipo m'misewu amathiramo mchere, mcherewo n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Ankayang'ana mipata ya pakati pa zitseko ndi boneti ngati ili yofanana mbali zonse, pakuti galimoto imene inachitapo ngozi siibwerera bwinobwino m'malo mwake ngakhale aipente chotani. Za makilomita olembedwa padashibodi anati ndisamazikhulupirire kwambiri. "Manambala amabwezedwa. Yang'anani chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi chopondera buleki. Zimenezo sizinama."

Dzuwa litapendeka tinali titaona magalimoto 6, yabwino yosafikirika mtengo, yofikirika yodwala. Ndinali wokonzeka kubwerera kumudzi chimanjamanja. Ndipamene bambo aja anati pali mayi ena ku Chilomoni amene akugulitsa kagalimoto kawo chifukwa ana akula, sakukwanamonso. Titafika n'kuona kuti ndi ka Mira, kotuwa ngati phulusa, kataima pambali pa mpanda ngati kakuchita manyazi, mtima wanga unagwa. Ndinawanong'oneza kuti tizipita.

"Lowani kaye mukhale pansi," anatero. "Kukhala pansi n'kwaulere."

Ndinatsegula chitseko n'kulowa, ndipo mpaka lero sindidziwa bwino mmene ndingafotokozere zimene ndinamva. Kunja kamaoneka ngati kabokosi, koma m'kati mutu wanga sunayandikire denga, miyendo inatambasuka, ndipo kutsogolo ndinkaona msewu wonse popanda kusuzumira. Bambo aja, amene ndi aatali ndithu, anakhala kumbuyo mawondo osagunda mpando. Nditapotokola kiyi, kamawu ka mzimayi kanalankhula Chijapanizi kuchokera pansi pa dashibodi. Mwini wake anaseka n'kunena kuti ndi kamakina kolipirira misewu ya kwawoko, kakungodandaula kuti mulibe khadi. Injini inalira motsitsa, ngati mphaka wakhuta. Tinazungulira nako m'misewu ya ku Chilomoni, kukwera zitunda zake zija, kukhota m'tinjira topanikizika, ndipo ine amene ndinali ndi laisensi ya miyezi yochepa, amene manja ankanjenjemera ndikagwira galimoto ya kusukulu yoyendetsa, ndinapezeka ndikuyendetsa mtima uli m'malo. Kanali ngati kakundimvera ndisanakauze.

Kunyumba kwa mayiwo bambo aja anakafufuza monga anachitira ndi ena onse aja. Kunsi kunali kouma, kopanda dzimbiri. Oyilo anali woyera bwino. Mayiwo anatulutsa kabuku kamene ankalembamo tsiku lililonse limene anasinthitsa oyilo, ndi malisiti ake omwe. Bambo aja anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi kokha.

Usiku umenewo, kunyumba kwa achemwali anga ku Ndirande, tulo sitinabwere. Ndinakhala pafoni kuwerenga za kagalimotoka ngati mtsikana wofufuza mbiri ya mnyamata amene wamufunsira. Dzina lake lonse ndi Daihatsu Mira e:S, mtundu umene unatuluka koyamba m'chaka cha 2011, ngakhale dzina loti Mira linayamba kale mu 1980. Kanga n'ka 2012. Ku Japan tigalimoto totere amatitcha kei, ndipo tili ndi malamulo akeake: injini isapitirire 660cc, kutalika kusapitirire mamita 3.4, m'lifupi mamita 1.48, anthu okwera asapitirire anayi. Boma la kumeneko limatichepetsera msonkho, ndipo nambala zake zimakhala zachikasu. Si tigalimoto ta amphawi ayi. Ndi timene aphunzitsi, anamwino, alimi ndi agogo a ku Japan amayendera tsiku ndi tsiku. Injini yake ili ndi masilinda atatu okha, ndipo kagalimoto konse kamalemera makilogalamu pafupifupi 730, kutanthauza kuti matumba 15 a chimanga a makilogalamu 50 amakaposa kulemera. Chinsinsi cha mafuta chagona pamenepo: palibe chitsulo chambiri choti injini izikoka. Ndinapezanso kuti kampani ya Daihatsu ili m'manja mwa Toyota, ndipo kagalimoto komweka amakagulitsanso ndi dzina loti Toyota Pixis Epoch kapena Subaru Pleo Plus. Zimenezi n'zothandiza kudziwa pofuna masipeya, chifukwa chitsulo chake n'chimodzimodzi.

Funso limene linkandivuta kuyambira kale, loti n'chifukwa chiyani anthu a ku Japan amataya magalimoto abwinobwino, linayankhidwanso usiku womwewo. Kumeneko galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako pamodzi ndi misonkho ndi kukonzetsa kumadya ndalama zambiri. Galimoto ikayamba kukalamba, ambiri amaona kuti kuli bwino kuigulitsa n'kugula ina. Imene aitayayo ndi imene imakwera sitima yapamadzi kubwera kuno, ndipo poti nawonso amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chimakhala kale mbali yoyenera.

Pali anzanga amene anandifunsa chifukwa chimene sindinaitanitse ndekha kuchokera ku Japan kudzera ku makampani ngati BE FORWARD kapena SBT, poti ntchito ya pachipata ndimaidziwa. Njirayo ndi yabwino, ndipo ambiri apindula nayo. Galimoto imatsikira padoko la Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe ku Karonga, kapena imatsikira ku Durban n'kudzalowera kwathu kuno. Pa tigalimoto tating'ono msonkho umakhalanso wopepukirapo, pakuti a MRA amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto: yopitirira zaka 8 imalipira wochulukirapo, yopitirira zaka 12 kuposa pamenepo. Koma kuitanitsa kumafuna madola, ndipo nthawi imeneyo madola m'mabanki ankasowa ngati mano a nkhuku. Ndinaonapo anthu pachipata galimoto itafika koma ndalama ya msonkho itaperewera chifukwa kwacha yagwa iwo akudikira sitima. Ine ndinali ndi ndalama imodzi yokha, yosabwerezeka, ndipo ndinafuna kugula chinthu chimene makaniko wanga wachigwira ndi manja.

M'mawa mwake tinakambirana mtengo, ndipo mayiwo anatsitsako pang'ono. Apa ntchito yanga inandithandiza. Ndisanapereke khobidi ndinayerekeza nambala ya chasisi ya pagalimoto ndi ya pa bulubuku, chilembo ndi chilembo, ndinaona mapepala a msonkho, ndipo tinapita limodzi ku ofesi ya Road Traffic kukasintha umwini, mayiwo ali pomwepo ndi khadi lawo. Musadzalole kuuzidwa kuti mwini wake ali kunja, mapepala abwera pambuyo. Galimoto imene siili m'dzina lanu si yanu, ngakhale kiyi akhale m'thumba mwanu. Ndinadula inshuwalansi, ndinaona kuti COF idakali ndi miyezi, kenaka tinauyamba wa ku Mwanza.

Ulendo umenewo, wa makilomita pafupifupi 100, ndidzaukumbukira mpaka kukalamba. Ndinathira mafuta odzaza thanki, ndipo thanki yake ndi ya malita 30 okha, moti wothira mafuta anamaliza ndisanamalize kuwerenga ndalama. Tinadutsa Lunzu pa tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, ngolo, njinga ndi mbuzi zili mumsewu, koma kagalimotoka kankalowa paliponse pamene mpata waoneka. Lirangwe, Mdeka, kenaka kutsetserekera ku Shire, kutentha kukuwonjezeka. Pa rodibuloko ya pa Zalewa ndinaponda buleki n'kuima, ndipo injini inangoti zii. Mtima unagunda. Ndinaganiza kuti ndalama ya manachesi a bambo anga yathera pomwepa, pamaso pa apolisi.

"Chotsani phazi pabuleki," anatero bambo aja mofatsa.

Nditachotsa, injini inadzuka yokha. Anakapanga dala kuti kakaima kazizimitsa injini, mafuta asamapite pachabe. Ndinaseka, misozi ili m'maso, wapolisi n'kundifunsa ngati zonse zili bwino. Ndinamuyankha kuti zili bwino kwambiri.

Kuchoka pa Zalewa kulowa mu M6 msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono kuchoka m'chigwa cha Shire. Umawoloka Lisungwi, umawoloka Wamkulumadzi, mapiri a ku Neno ali kudzanja lamanja. Apa ndi pamene ndinakadziwa bwino kagalimoto kanga. Pachitunda kamabuula, ndipo ukayatsa choziziritsa mpweya umamva mphamvu ikuchepa. Ndinaphunzira kuzimitsa choziziritsacho chitunda chikayamba, kutsegula mawindo, n'kukasiya kakwere pa liwiro lake. Kanakwera zitunda zonse, osatentha, osatsokomola. Thiraki ikamabwera kutsogolo mphepo yake imakakankha pang'ono, choncho chiwongolero chimafuna manja awiri nthawi zonse. Padashibodi pali kuwala kumene kumasintha mtundu ukamaponda mafuta mwamphamvu, ndipo ndinapezeka ndikusewera nako ngati mwana, kufuna kuti kusasinthe. Pamene tinkayamba kuona madengu a manachesi m'mbali mwa msewu, chizindikiro chakuti tafika kwathu, muyezo wa mafuta unali utangotsika pang'ono chabe.

Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Anakazungulira kawiri, anakagwira padenga, pakuti n'kakafupi moti dzanja lawo linafika. Ana a m'mudzi anali atadzaza pabwalo. Alamu anga anaima chapatali, manja m'thumba, n'kufunsa ngati kafikadi kokha kuchokera ku Blantyre. Amayi ndi amene anawayankha.

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kameneka ndi Tsokonombwe."

Dzinalo linakakamira mpaka lero. Ngakhale anzanga a kuntchito akafuna kudziwa ngati ndafika amafunsa ngati Tsokonombwe ali panja.

Ndinatengera chitsanzo cha mayi a ku Chilomoni aja n'kugula kabuku kanga. Ndikathira mafuta ndimalemba malita ndi makilomita. Anthu a ku Japan analemba kuti kagalimotoka kamayenda makilomita 30 pa lita, koma kumeneko n'kuyeza kwa m'fakitale. Pamsewu wathu uno, ndi zitunda zake, kabuku kanga kamandiuza makilomita pafupifupi 20 pa lita. Kupita ndi kubwera kuntchito ndi makilomita 32, pa sabata 160, ndiye kuti malita 8, ndalama yake pa mtengo wa K2,530 uja inali K20,240. Munthu wa galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita, paulendo womwewo amalipira kawiri. Ndikanamvera maso anga, bwenzi galimoto ikugona pakhomo kuyambira pa 15 mwezi uliwonse, ine ndili pamsewu kuimitsa Sienta.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa chikondi chisandichititse kunama. Ndalama ya mafutayi siisiyana kwenikweni ndi imene ndinkalipira pamatola. Ukawonjezera oyilo, matayala, inshuwalansi ndi COF, galimoto, ngakhale yaing'ono chotani, imadya kuposa kukwera minibasi. Amene akuganiza kuti akagula galimoto ayamba kusunga ndalama aganizenso. Chimene chinandipepukitsira katundu n'chakuti pali anzanga awiri a m'mudzi woyandikana nawo, wina mphunzitsi wina wogwira ntchito m'sitolo pa Boma, amene timayendera limodzi, ndipo pakutha pa sabata timasonkherana ya mafuta. Koma chimene ndinagula kwenikweni ndi nthawi. Kale ndinkadzuka 4 koloko kuti ndikhale pamsewu kusanache. Lero ndimamwa tiyi ndi amayi, ndimanyamuka 6:45, ndipo 7:15 ndimakhala nditakhala pampando wa kuntchito, nsapato zopanda matope. Madzulo ndikaweruka mochedwa sindichondereranso munthu.

Ubwino wake weniweni ndinauona chakumapeto kwa 2024, mafuta atasowa m'dziko muno. Mizere pamalo omwetsera mafuta inkafika kutali, anthu kugona m'magalimoto, ena kumagula a m'zigubu pamtengo woboola m'thumba. Nanenso ndinaima pamizereyo, sindinapulumuke. Kusiyana kwake kunali kwakuti ine ndikapeza malita 10 ndinkadziwa kuti sabata yonse yatheka, pamene mnzanga wa galimoto yaikulu malita omwewo ankamutha Lachitatu. A m'zigubu ndinawakana, chifukwa makaniko wanga anandichenjeza kuti ena amasakaniza ndi zina, ndipo kainjini kakang'ono sikapirira uve. Sabata ina alamu anga anabwera m'mamawa kudzapempha kuti ndiwatengeko popita pa Boma. Anakhala kutsogolo, anayang'ana muyezo wa mafuta, anayang'ananso, ndipo titafika anati, "Alamu, kameneka musadzakagulitse."

Pali zimene Tsokonombwe sangathe, ndipo ndimazilemekeza. Ndi wamfupi kunsi. Pa tala ndi mfumu, koma msewu wafumbi wokumbika ndi madzi, ngati wopita ku Thambani nthawi ya dzinja, si wake. Ndinayesapo kamodzi kupita kumaliro chakumeneko mvula itagwa, mimba yake inakhula pansi kawiri, ndipo ndinakaimika pakhomo pa anthu ena n'kumaliza ulendo wapansi. Kuchoka pamsewu waukulu kufika pakhomo pathu pali kamtunda kochepa kafumbi, ndipo ine ndi ana a achimwene tinakwirira maenje ake ndi miyala. Katundu wolemera ndimakana. Nthawi ya manachesi anthu amandipempha kuti ndiwanyamulire matumba, ndipo ndimalola awiri basi, chifukwa mashoko ake ndi a anthu anayi, osati a ngolo. Usiku pa M6, pamene mathiraki amathamangira kuchipata, ndimayenda pang'onopang'ono, ndikudziwa kuti chitsulo chondizungulira n'chopyapyala. Lamba ndimamanga ndisanalize injini, ndipo wokwera aliyense amamanga.

Tina ndi tina ndinachita kuphunzira ndili kale m'kati. Tigalimoto tambiri totere timabwera popanda tayala lapadera, m'malo mwake muli kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. Pamsewu wa kwathu zimenezo n'zosadalirika, choncho ndinagula tayala ndi limu yake, pamodzi ndi jeke. Wailesi yake imagwira kuyambira 76 kulekeza 90 pa FM, monga mmene zilili ku Japan, moti mawailesi ambiri a kuno sankamveka mpaka mnyamata wina pa Boma anaikamo kachipangizo kokuzira. Batire yake ndi yamtundu wapadera chifukwa cha kuzima ndi kudzuka kuja, ndipo ndi yodulirapo. Chachikulu kuposa zonse ndi giyabokosi. Ndi yamtundu wa CVT, yosintha yokha popanda kugwedeza, ndipo imafuna mafuta akeake. Makaniko wanga anandilumbiritsa kuti ndisadzalole munthu kuthiramo mafuta a giyabokosi wamba, ngakhale atanena kuti n'chimodzimodzi. Oyilo wa injini amalowa malita osakwana atatu, ndipo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse osadumphitsa.

Sindikunena kuti aliyense agule Mira. Suzuki Alto ndi mphwake weniweni, injini yofanana kukula, ndipo ndikanaipeza yosamalidwa bwino tsiku lija bwenzi nkhaniyi ili ya Alto. Amene ali ndi banja la anthu asanu, kapena amene amapita ku Blantyre sabata iliyonse, ayang'ane Passo kapena Vitz ya 1000cc: imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono, koma pachitunda ili ndi mpweya, ndipo masipeya ake ali ponseponse. Sienta ndi ya munthu wa banja lalikulu kapena wa bizinesi. Amene amakhala kutali ndi tala, kumene mvula ikagwa ngakhale njinga imakanika, tigalimoto tonseti timukhumudwitsa. Koma kwa munthu ngati ine, wa ulendo umodzimodzi tsiku ndi tsiku, makilomita ochepa, msewu wa tala, malipiro a pamwezi owerengeka, sindikuona chimene chingapose kameneka.

Mwezi wathawu, cha m'ma 1 koloko usiku, kunamveka kugogoda pawindo. Anali mayi a nyumba yoyandikana nafe, mpongozi wawo matenda atayamba mwadzidzidzi, mwezi wake usanakwane bwino. Kale zikatere tinkathamanga m'mudzi monse kufuna wa njinga yamoto, mayi wodwala n'kumukhazika pakati pa anthu awiri mumdima. Usiku umenewo ndinangovala chitenje n'kutenga kiyi. Mtsikanayo anagona kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo pa apongozi ake, amayi anga ali kutsogolo akupemphera chamumtima. Pasanathe theka la ola tinali pachipatala cha boma cha Mwanza. Kunabadwa mwana wamkazi kusanache. Pobwerera, dzuwa likutuluka kumapiri, amayi anasisita dashibodi ngati akusisita mwana, osanena kanthu.

Kuntchito ndikulembabe mapepala a ma Fortuner ndi ma Prado, ndipo ndimawasirirabe kukongola. Koma ndikasuzumira pawindo n'kuona Tsokonombwe ali pamthunzi pakati pa zimphonazo, mtima wanga umakhala pa iye. Loweruka ndimamutsuka ndekha ndi ndowa imodzi ya madzi, ndipo imakwana.

Inu amene mukusunga ndalama ya galimoto yoyamba, amene mwina mukudutsa tigalimoto timeneti osatiyang'ana monga ndinkachitira ine, yambani mwawerenga makilomita a ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku, muwerengere ndi mtengo wa lita, muone chimene malipiro anu angapirire mwezi wonse. Tengani makaniko amene mumamukhulupirira, mumulipirire ulendo, mukafike injini isanalizidwe. Ndipo mukakapeza kena kataima pambali pa mpanda, kooneka ngati sikangafike patali, musabwerere pachipata. Tsegulani chitseko, mulowe, mukhale kaye pansi.